Tsache la ku Stesheni, Kuseri kwa Mapiri a Ngong

Mayi Immaculata Nambazo anabwera ku Nairobi kudzaphunzitsa anamwino pa bungwe lina la mpingo, akuganiza kuti sakhalitsa. Imvi zinawapeza konkuno. Ana anakula nabalalika, amuna awo anatsogola, iwo nasamuka ku Kasarani kukachita lendi kanyumba ku Ngong, poti ankati kuzizira kwa kumeneko kumawagonetsa bwino.

Anali munthu wa tulo ta paulendo. Akangokhala m'minibasi zomwe kuno amati matatu, injini n'kulira, mutu unkayamba kulemera. Loweruka lina akuchokera kumsika anakwera galimoto yolakwika, nagona. Podzidzimuka, mapiri a Ngong anali kumbuyo kwawo, kutsogolo kuli chigwa chouma cha minga ndi fumbi loyera. Kondakitala anawauza kuti afika pamathero, ndipo yobwerera idikira kaye idzaze.

Malowo anthu amangowatchula kuti Stesheni. Panali mzere wa masitolo akale a makonde aatali, thanki yadzimbiri pomwe sitima zamalasha zinkamwera madzi, ndi kanyumba ka siteshoni kopanda magalasi. Njanji inali itamera udzu, mbuzi zitagona pakati pake. Mayi Immaculata anakulira ku Luchenza, kumene bambo awo ankagwira ntchito ya njanji, ndiye ataima pakhondepo anaona ngati tulo tija tikupitirira. Fungo la mafuta akale m'matabwa linali lomwelo. Anaima nthawi yaitali khutu lili tcheru, ngati kuti sitima ingatulukire m'minga muja.

M'kanyumbamo munali anthu akusesa. Amene anawalonjera anali Naserian, mayi wachimasai wogulitsa mkaka. Anawafotokozera m'Chiswahili kuti eni malowo agwirizana zokonza nyumbayo isanagwe, chifukwa ena anali atayamba kale kugumula miyala yake kukamangira makola.

"Nanga inu, mama, wakutumani ndani?" anafunsa Naserian.

"Tulo," anayankha mayi Immaculata.

Naserian anaseka, nawapatsa tsache.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankapita, ulendo uno maso ali gwa. Ankasesa, ankatunga madzi pa bulu ndi amayi anzawo, ankatsuka mabenchi omwe anthu ankabweza kuchokera m'nyumba zawo. Wina anabweretsa nyali ya mlonda, wina sikelo yoyezera zikopa, wina belu lomwe kwa zaka zambiri linkaitanira ana kusukulu. Aliyense pobweza chinthu ankakhala pansi n'kuyamba kusimba za mwini wake, mpaka ntchito inkaima. Mayi Immaculata sankamva mawu onse, makamaka akalowa m'Chimasai, koma ankakonda kukhala phee akuyang'ana manja a wosimbayo.

Ntchito inakakamira pofika popaka penti. Panali akuluakulu awiri, Mzee Odera amene anapuma ntchito ya njanji, ndi Mzee Sankale amene ankakweza ng'ombe m'sitima ali mnyamata. Odera ankati nyumbayo inali yachikasu. Sankale ankati inali yobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba. Mkangano unakula, anthu anagawikana, ndipo kwa masabata angapo palibe ananyamula burashi.

Tsiku lina masana dzuwa litaswa mtengo, mayi Immaculata anakhala pamthunzi wa khoma lakum'mawa atamwa tiyi. Maganizo ali kutali, anayamba kupala khomalo ndi supuni. Laimu woyera anagwa, pansi pake n'kuoneka chikasu. Anapala pang'ono, kunatuluka kubiriwira. Anapitiriza, kunabwera mtundu wofiirira ngati katondo, kenaka wa mtambo.

Anaitana Naserian, Naserian anaitana madoda aja. Onse awiri anawerama, mphuno pafupi ndi khoma. Sankale anasisita pobiriwirapo ndi chala, natchula dzina la mkazi wake woyamba, yemwe anakumana naye pakhonde lomwelo. Odera sanatsutse. Anangoti, "Chikasuchi ndinapaka nawo ine, chaka chimene mwana wanga anabadwa."

"Ndiye tipake mtundu uti?" anafunsa Naserian.

Sankale anati, "Khoma ili lisiyeni chomwechi. Enawo pakani laimu."

Anachitadi zimenezo. Khoma lakum'mawa analipala mosamala m'mizere, mtundu uliwonse n'kuonekera.

Pa tsiku lotsegulira nyumbayo, mayi Immaculata anaitana Amalawi anzawo. A Edmond Kachingwe a ku Kilimani, omwe amatsogolera kwaya ya Amalawi kutchalitchi, anafika mochedwa ndi gulu lawo, akudandaula za jamu ya magalimoto pa Ngong Road.

"Amayi, mwatiitanira kuchipululu," anatero a Edmond akukutumula fumbi pa nsapato. "Kodi kuno mwapeza chibale?"

"Lowani muone kaye, bambo," anayankha mayi Immaculata.

A Edmond analowa, nakhalitsa. Potuluka sanalankhulenso za fumbi. Anaimika kwaya yawo pakhonde, nayamba nyimbo yakwathu ya pang'onopang'ono. Amayi achimasai sankadziwa mawu ake, koma anaivomera ndi kung'ung'udza, mikanda ya m'khosi ikugwedera. Mawuwo anayenda m'chigwamo mpaka ng'ombe zomwe zinali patali zinadzutsa mitu. Mayi Immaculata anakhala pa benchi atatsinzina, osagona, akumva mphepo yofunda ikudutsa m'mawindo.

Masiku ano alendo amabwera, ngakhale si ambiri: ana asukulu, okwera njinga ochokera m'tauni, nthawi zina munthu wofuna kuona pomwe agogo ake anatsikira. Masitolo awiri a pamzere paja anatsegulidwanso. Mayi Immaculata anapuma ntchito chaka chatha, ndipo ana awo amawaimbira foni kuti abwerere kumudzi. Iwo amavomera, koma tsiku satchula.

Mwezi wathawu kamvuluvulu anasasula denga la shedi ya katundu ya pasiteshonipo, malata n'kukagwera kutsidya kwa njanji. Loweruka lotsatira mayi Immaculata anapeza Naserian atayamba kale kuwatola. Anavula nsapato za m'tauni, namanga chitenje, nagwira mbali inayo ya lata.

"Lalemera ili," anatero Naserian.

"Tiyeni pang'onopang'ono, mayi," anayankha iwo, ndipo anawoloka nalo njanji.