Phala la Stellah m'magazi a Mjapani

Masiku ano Stellah akuseka mpaka kuonetsa a m'mbali, ndipo ife anzake a kutchalitchi ku Oud Metha mitima yathu yakhala pansi. Mwezi wathawu zinali zina.

Stellah ndi wa ku Mchinji, kumene mwana amadziwa soya asanadziwe sukulu. Kuno ku Dubai amagwira ntchito ku Sports City, pa banja la Ajapani: mayi Morikawa ndi bambo awo okalamba, amene iye amangowatchula kuti agogo. Stellah mtima ali nawo wabwino, koma makutu ake ndi okongoletsa mutu chabe.

Lamulo la m'nyumbamo linali lakuti agogo azidya zokhazo zimene madamu asankha. Koma nkhalambayo inkangotosatosa chakudya n'kukankha mbale, thupi likutha ngati sopo. Stellah zinamukwana. Anakagula soya kwa Amwenye, n'kukazinga monga ankachitira mayi ake, kupeta makoko, kugaya, n'kuyamba kuwaphikira phala madamu akapita kuntchito. Agogo ankachita kunyambita supuni. Ndinamuchenjeza kuti kuno si kwathu, akakugwira ntchito yatha ndipo visa yathera pomwepo. Iye ankangoti munthu sangafe ndi njala iye akuona.

Kenako kunabwera madokotala a ku Japan ofufuza kuchuluka kwa michere ina ya mu soya, yotchedwa isofulavoni, m'magazi a Ajapani okhala kunja. Madamu ndi agogo anakatengedwa magazi. Stellah atamva kuti magazi amaulula zimene munthu wakhala akudya, anathamangira pa foni. Anandiimbira akulira, akuti khalas, zake zatha, akumubweza ku Mchinji, ana ake awiri asiya sukulu. Ndinamukalipira kaye, koma inenso mantha anandigwira.

Zotsatira zitabwera, madamu anamuitanira kukhitchini. M'magazi mwawo michereyo inali yochepa, pomwe mwa bambo awo, amene ankakana zakudya zonse za soya zimene iwo ankagula, inali yambiri ngati ya munthu amene sanachokepo ku Japan. Anafunsa kuti zimenezi zatheka bwanji. Stellah anaona kuti madzi afika m'khosi. Anatulutsa chitini cha ufa wa soya chimene ankabisa kuseri kwa thumba la mpunga n'kuchitsegula.

Madamu ananunkhiza ufawo. Kenako anati kwawonso amakazinga soya n'kugaya chimodzimodzi, ndipo malemu mayi awo ankawathirira agogowa ufa womwewu pa chakudya. Iwo chibwerere ku Dubai anali asanauganizirepo. Anamudzudzula Stellah kuti za chakudya cha nkhalamba sabisa, ndipo iye anavomera kuti analakwadi.

"Ndiye mundibweza kwathu, madamu?" anafunsa Stellah.

Mayi Morikawa anapukuta misozi, n'kumubwezera chitini chija m'manja.

"Ndikakubweza, bambo anga azidya chiyani?"