Malegeni pa Dzanja la Amayi

Ndinaganiza zochoka ku Zambia tsiku limene ndinabweza wodwala wachitatu chifukwa chosowa zitsulo zolumikizira mafupa. Udokotala wa mafupa ndinauphunzira zaka zambirimbiri, koma ntchito yanga inasanduka yopepesa anthu. Ndinapita kwathu ku Kafue kukauza amayi kuti ndapeza malo ku Windhoek. Ndinawapeza pamsika akusanja nsomba zawo zouma, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Yenda, Mutinta," anatero, "koma na ise kuno tili na mafupa."

Ku Windhoek ndalama zinali zabwino, sindinganame. Ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, mpaka nyumba yathu ya ku Nangongwe inafoleredwa malata atsopano. Koma Lamlungu ndinkakhala ndekhandekha ngati mbuzi yogulidwa kumene, kudikira kuti foni ilire. Chinandichotsa m'nyumba ndi bungwe la madokotala a mafupa. Tinkayenda m'zipatala zakumidzi kuphunzitsa anamwino kuika chikhakha, n'kumavutitsa boma ndi makalata kuti okwera njinga zamoto azivala zipewa. Pa nkhani ya asing'anga omanga mafupa, wolusa kwambiri ndinali ine. Ndinkati onse angomangidwa basi. Masiku ano, nditabwerera kwathu, Loweruka ndimakhala nawo m'holo ku Boma ku Kafue, kumwa nawo tiyi, ndipo ndikakumbukira mawu anga aja ndimachita manyazi.

Chaka chachisanu ndi chimodzi ndili ku Windhoek, mng'ono wanga wa ku Kitwe anandiimbira. Anamva kuti amayi anagwa potsika minibasi, dzanja lamanja n'kuthyoka, ndipo anapita kwa Ba Hamoonga, msodzi wakale amene amamanga mafupa kumtsinje. Iwowa amagwiritsa ntchito mabango ndi malegeni, timizere tamphira todula ku chubu cha tayala. Dzanja lothyoka limatupa, koma mphira sulolera. Magazi amatsekeka, zala zimada, chotsatira n'kudula. Ndinaimba kakhumi, amayi osayankha, poti pakamwa panga amapadziwa. M'mawa mwake ndinakwera ndeke.

Ndinawapeza pakhonde, dzanja lili m'chikhakha choyera cha kuchipatala. Pambali pawo panali mkulu wina woonda, chipewa pabondo. Sindinapereke ndi moni womwe.

"Ndimwe ba Hamoonga? Mufuna kupaya dzanja ya amai banga na malegeni?"

"Nkhala pansi, iwe," anatero amayi. "Aba ndiye bananipeleka ku chipatala."

Mkuluyo anadikira kuti ndikhale, kenaka anafotokoza mosathamanga. Chaka chatha madokotala a bungwe la mafupa la kuno kwathu anabwera kuchokera ku Lusaka, n'kuitana onse omanga mafupa, kuyambira kumtsinje mpaka ku Shimabala. Ambiri anabisala poganiza kuti kuli apolisi. Koma Ba Hamoonga anapita.

"Banatiuza ati munthu ukamumanga, mailo kukacha uyende ukamuone," anatero. "Ufinye chikhadabo. Chikankhala chabe choyera, osabwelela kufiira, masula, thamanga naye ku chipatala. Manje ine kuseni ninabwela na mendo, nafinya, chakana. Ninajuba malegeni yonse na mpeni, takwela basi."

Ndinayang'ana chikhakha chija. Lamulo langa lija likanakhalapo, mkuluyu akanaopa kuonekera pachipatala, ndipo amayi akanakhala m'nyumba ndi mphirawo mpaka dzanja kununkha. Komabe mkwiyo unali usanathe.

"Nanga malegeni munamangila chani, ngati munaphunzila?"

"Iyo lesoni sitinafike, ba dokota. Banakamba ati bazabwela futi kutilangiza vomangila bwino. Tikali kuyembekeza. Ati ni bang'ono maningi, banzawo bambili banayenda kunja."

Ananena mopanda chipongwe, maso ali pachipewa chawo. Sindikudziwa ngati ankadziwa kumene ndinachokera tsikulo. Amayi ankadziwa, ndipo anayang'ana kumsewu.

Ndinatsegula chikwama, n'kutenga singano yoyera, n'kuwauza amayi kuti atseke maso ndipo anene akamva kubaya. Chala chachikulu anadumpha. Chachiwiri anandinena kuti ndilibe chisoni. Chachitatu ndi chachinayi chimodzimodzi. Nditafika pa chaching'ono, ndinabaya kamodzi, kawiri, kachitatu mwamphamvu mpaka kadontho ka magazi kanatuluka.

Amayi anali chitsinzinire, akudikira.

"Nanga ka last," anatero, "uzayamba liti?"