Mafoni Awo Ali M'chipewa cha Madala

Nsupa yasweka mwezi wanga usanakwane, ndipo foni ya bambo a mwana ndi yothima. Mwana woyamba ndinachira ndi opareshoni, ndiye kusikelo anandiuza kuti matenda akangoyamba ndisadikire kunyumba. Galimoto apita nayo iwowo.

Anzanga, moni. Aneba athamanga kukasaka galimoto ina, mwana wanga amubereka kumbuyo. Ine ndakhala pakhomo, chikwama pambali. Ululu ukumabwera n'kupita. Ukapita ndikumalemba, chifukwa ndikangokhala chete mantha akundikwera.

Koma musawatukwane amuna anga, please. Imvani kaye.

Tinakumana ndikugwira ntchito yokolopa muholo ya kuseri kwa laibulale. Kunkabwera anthu anayi kudzayeserera nyimbo. Awiri a vayolini, mayi mmodzi wa viyola, yomwe ndi vayolini yokulirapo, ndi wa chelo, chija chachikulu amaimba atachipana m'miyendo. Ng'oma palibe, woimba pakamwa palibe.

Tsiku lina ndinapeza chibokosi chachitali chili pansi. Ndinachikoka kuti ndikolope bwino.

"Asisi! Asisi! Mukundikokera mkazi wanga!"

Kucheuka, wa chelo uja, mnyamata wamtali, maso ali tong'o.

"Mkazi wanu amagona pansi?"

"Amatopa."

"Ndiye mugulireni bedi."

Anaseka mpaka kutsamira khoma. Mawa lake anandibweretsera mpando.

"Khalani apa mumvere nyimbo imodzi yokha. Mopu sithawa."

Anzanga, sindinamve kanthu... ndinangoona anthu akucheka zingwe ngati akupala matabwa. Koma chelo chitayamba chokha ndinachimva m'mimba. Ndinalira osadziwa chimene ndikulirira.

"Yakupwetekani?" anafunsa.

"Ayi, ndi sopo walowa m'maso."

Gululi analiyambitsa ndi Madala, a vayolini yoyamba, ine ndisanabadwe. Anali anyamata anayi a sukulu imodzi. Ankaimba m'maukwati, anthu n'kumangodya osawayang'ana n'komwe. Kenako wayilesi inawaitana, kenako anayamba kukwera ndege. Wina anachoka atakangana ndi Madala kuti nyimbo ina akuithamangitsa, mpaka lero salankhulana! Wina anakalamba. Wa chelo woyamba anamwalira, amuna anga n'kulowa pampando wake chifukwa anali mwana wake wa sukulu. Mwa oyamba aja atsala ndi Madala okha.

Iwowa alibe munthu woima kutsogolo ndi kamtengo. Madala akakoka mpweya ndi mphuno, onse amayambira pomwepo. Ndiye kakaphokoso pang'ono zonse zimabalalika. N'chifukwa chake pali lamulo: ukalowa, foni thimitsa, ponya m'chipewa cha Madala, chitseko akhoma.

Tsiku limene anakandionetsa kwa anzake, Madala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, ukudziwa kuti ukukwatiwa ndi anthu anayi?"

"Asanu," anatero Anti a viyola. "Mwaiwala chelo."

"Bola chelocho chizidzichapira chokha," ndinatero ine.

"Ameneyu ndi wathu," anatero Madala. "Mupatseni tiyi."

Sananame. Amuna anga akapita kunja ndi gululi, Anti amandisiyira mng'ono wawo kuti azigona kwathu. Mwana wanga nsapato zake zoyamba anagula ndi wa vayolini yachiwiri, mnyamata wosalankhulalankhula. Sitili olemera ayi, ndipo nyumba yathu theka ndi ya mkazi mnzangayo, chelo chija. Sayandikira zenera, dzuwa limamudwalitsa. M'galimoto amamumanga lamba ngati munthu. Koma mwana akavuta kugona, bambo ake amakoka chingwe chachikulu chija pang'onopang'ono, iye tulo. Ine ndimangopinda zovala ndikumvera. Mtima wanga unakhala pansi pabanja pano, sindinama.

Lero akujambula nyimbo muholo muja, recording yomaliza. Zala za Madala zayamba kutupa, akuti ikatha imeneyi apume.

M'mawa amuna anga anaima pakhomo makiyi ali m'manja.

"Mayi a mwana, nkhope yakoyi sikundisangalatsa. Ndisapite?"

"Ndi msana chabe. Mwezi ukadalipo."

"Ndiwapemphe Madala foni yanga ikhale m'thumba."

"Zaka zonsezi palibe anaphwanyapo lamulo, muyambe inu tsiku lomaliza? Pitani, musandichititse manyazi."

Anandigwira pamimba, n'kuuza wam'katiyu, "Iwe, udikire bambo ako." Ndiye uyu makani ngati Madala.

Ndaimbira onse anayi, mafoni onse othima. Ali m'chipewa.

Anzanga, tsopano ululu ukubwera pafupipafupi, ndipo pabala la opareshoni pakukoka. Aneba sanabwerebe.

Amene muli pafupi ndi laibulale, zungulirani kuseri. Chitseko chobiriwira cha m'mbali. Pamatidwa pepala loti Silence, musaliope. Musagogode mwaulemu, sakumvani. Menyani ndi chibakera! Akatsegula Madala adzakalipa, inu mungoti mkazi wa wachelo nsupa yasweka, adzamukankha okha kuti athamange.

Ndipo ngati wina wondidziwa ali ndi galimoto pafupi, musadikire zonsezo. Geti ndatsegula kale, ndili pakhomo.

Wayambanso... bwerani msanga, chonde.