Masamu a Belu Lisanalire

Mawu oti "kusankha" ndimadana nawo. Ndikawamva pakamwa pa munthu wovala tayi, ndimadziwiratu kuti pali wina amene atsekeredwe kunja.

Sekondale yathu inali yoyendera, ndipo ine ndinkachokera kuseri kwa zitunda ziwiri, kuwolokanso mtsinje. Titalowa fomu 3 anatiuza kuti pali masamu owonjezera, adishonolo, othandiza amene akufuna kudzaphunzira za uinjiniya. Anati si okakamiza, wofuna asankhe yekha. Ndinakweza mkono asanamalize n'kuyankhula komwe, chifukwa masamu ndi phunziro lokhalo limene ndinkawagonjetsa nalo ana a pamsika.

Koma phunzirolo silinali pa ndandanda ya maphunziro a tsiku. Aphunzitsi ake, bambo okhala m'nyumba ya sukulu pafupi penipeni ndi kalasi, ankaphunzitsa m'mamawa belu lisanalire. Akalowa ankatseka chitseko n'kuchitchinga ndi desiki. Ana a eni magolosale ndi a aphunzitsi ankalowa bwinobwino akutafuna mandasi. Ine ndinkanyamuka kusanayere, nsapato m'manja, n'kumathamanga pamene pali potsetsereka, koma ndinkafika diresi litanyowa ndi mame, chitseko chili chitsekere.

Ndiye ndinkaima pazenera. Mwamwayi linalibe galasi. Kope ndinkalitsamiritsa kukhoma n'kumalemba zonse zimene ankanena. Aphunzitsiwo ankandiona tsiku ndi tsiku, ndipo mawu okhawo amene anandiyankhulapo anali akuti, "Iwe, ukutitchingira kuwala."

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwatsatira, ndinagwada monga tinaleredwera. "Aphunzitsi, bwanji masamuwa tiziphunzira masana tikaweruka? Ife kwathu n'kutali."

"Masamu salowa m'mutu dzuwa likakwera," anatero osandiyang'ana.

Nzeru zake zimenezo! Masana onse bambowa ankakhala pa bawo pamsika, akuwerengera nkhomo dzuwa lili paliwombo, osaphonya ndi imodzi yomwe. Mutu wawo wokha ndi umene unali wosamva dzuwa.

Nthawi yolembetsa mayeso a fomu 4 itakwana, mayina anawatenga m'kaundula wa olowa m'kalasi. Wa pazenera salembedwa m'kaundula. Nditafunsa, anandiuza kuti, "Iwe sunasankhe." Sindikunena kuti bwenzi pano ndili injiniya. Mwina ndikanalephera, koma kulepherako kukanakhala kwanga. Lero ndimalima soya ndi mbatata, ndimagulitsa pa Kasakula, ndipo sikelo ya venda sinandipusitsepo.

Mlandu suola. Chaka chatha mwana wanga wamkazi ankamaliza fomu 2 pasukulu yomweyo, akuyenda njira yomweyo, mutu wake wa masamu woposa wanga. Anatiitana makolo ku msonkhano. Ahedi atsopano, mayi wachitsikana ndithu, ankafuna kuti adishonolo alowe pa ndandanda, mwana aliyense wa fomu 3 aphunzire, kenaka wofuna kusiya adzasiye atalawa. Wapampando wa komiti ya makolo anali ndani? Aphunzitsi anga aja, atapuma ntchito, imvi mbuu, tayi ali m'khosi.

"Tisazunze ana," anatero. "Zaka zonse ndaphunzitsa pano, palibe mwana wa kumapiri ndi mmodzi yemwe amene anasankha adishonolo. Iwowa awo ndi masamu owerengera mabelo a fodya. Wofuna asankhe, aziphunzira m'mamawa monga kale."

Makolo anzanga, a kumapiri omwewo, anaomba m'manja. Munthu akukutukwanani inu n'kumamuombera m'manja! Mtima unandipsa, ndinaimirira.

"A tcheya, m'mamawa mwake nthawi yanji? Mwana wochoka kutsidya kwa mtsinje afika?"

Sanandizindikire. Anandiyang'ana chitenje, n'kuyang'ana mapazi. "Mayi, nkhani za masamu tisiyireni ife amene tinapita nazo patali."

Msonkhanowo unali m'kalasi momwe muja. Ndinatola choko, ndinapita pa bolodi, n'kulemba samu imodzi mwa zimene ankakonda kupereka, yopeza pamene mzere wokhota umatembenukira. Ndinaisova mpaka pansi. A tcheya aja anavala magalasi, anatsata mzere uliwonse ndi chala kufuna polakwika, osapapeza.

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pazenera ilo. Ndine ndinkakutchingirani kuwala."

Ndinkayembekeza kuti achita manyazi. Ayi ndithu. Anapukusa mutu ngati akundimvera chisoni, n'kunena kuti, "Aaa, mayi, mukanangolowa m'kalasi bwenzi muli patali."

Anthu anaseka. Kenaka tinakweza manja, ndipo "kusankha" kunapambana. Ahedi aja anangozyolika, manja athu a mbali yawo sanakwane n'khumi omwe.

Mwana wanga ankandidikira panja, wandinyamulira dengu. "Amayi, ndiye ndisankhe?" anafunsa.

Ndinatembenukira ku kalasi ija. Ndinkayang'ana zenera langa lija. Chitukuko chinafika pasukulupo: anaikamo magalasi okhuthala, osatsekuka. Woima panja angaone pakamwa pa mphunzitsi pakuyenda, koma sangamve kanthu.