Kanyali kachikasu kamene kanawatulutsa ababa panja

Ababa atadwala sitiroko tinawatenga ku Bangwe kuti adzakhale nafe ku Chilomoni. Munthu amene anayendetsa mathiraki moyo wake wonse, wodziwa dzenje lililonse pa msewu wa ku Tete, tsopano ngakhale pakhonde ankakana kutuluka. Ankangokhala pa mpando wa pawindo, wailesi ikudzilankhulira yokha. Iwo ankati kunja kukuzizira, koma ine ndinkadziwa kuti ndi manyazi. Mwendo wakumanzere ankachita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka movutikira.

M'mawa wina wa mu Juni, nditaliza kagalimoto kanga kuti ndizipita kuntchito, pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu kooneka ngati kamphika, m'kati mwake muli kamzere ndi kadontho. Mtima unangoti phaa, poti galimotoyo ndinali nditangoigula kumene. Pa filing'i anandiuza kuti kanyaliko kamanena za mpweya wa m'matayala. Anandipopera onse, koma sikanazime.

Madzulo ndikuwapatsa ababa tiyi ndinadandaula, osati kuti andiyankhe, koma kungofuna kuti m'nyumbamo mumveke mawu.

"Tayala liti?" anafunsa.

Ndinadabwa, chifukwa masiku amenewo samafunsa kanthu. Ndinati sindikudziwa, kanyaliko sikanena.

"Nanga kamayakiranji ngati sikanena?" Anapukusa mutu n'kubwerera ku tiyi wawo.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atavala jekete ndi chipewa, ndodo ili m'manja, ataima pakhomo. Ndinafulumira kutsegula chitseko, kuopa kuti angasinthe maganizo. Ndinangowagwira pamkono potsika masitepe. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono, akumenya tayala lililonse ndi ndodo, khutu atalitchera. Atafika pa lakumbuyo kumanja anamenya, n'kumenyanso.

"Ili. Likulira ngati dzungu. Bweretsa madzi a sopo, mayi."

Ndinagwada pansi ndi beseni, n'kumathira madziwo pa tayala, iwo akuyang'ana ngati patuluke thovu. Palibe. Anati ndisunthe galimoto pang'ono kuti mbali imene inali pansi ibwere pamwamba. Tinathiranso. Msomali sitinaupeze, ngakhale ababa anali atatsimikiza kuti ulipo. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndinayamba kuchita mantha kuti apempha kubwerera m'nyumba.

Anatsamira galimoto. Kenako anati, "Masula kachivindikiro ka valavu, popopera mpweyapo. Paka malovu."

"Malovu, ababa?"

"Ee, malovu. Ukuchita manyazi ndi tayala lako lomwe?"

Ndinapaka. Pakamwa pa valavuyo panatupa kathovu, kanaphulika, panatupanso kena. Ababa anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, koma kunali kuseka ndithu. Ndinali ndisanakumve chiwatengereni ku chipatala.

Ndinati ndithamangire kwa okonza matayala ku Ndirande, iwo apume. Anakana. "Akakuuza kuti ugule tayala latsopano, uvomera iwe." Anatsegula okha chitseko cha kutsogolo, ine n'kuwathandiza kulowetsa mwendo.

Ku Ndirande anawapatsa benchi pamthunzi. Pamene tayala ankalichotsa n'kusintha valavu, ababa anali atayamba kale kucheza ndi bambo wina wa minibasi, kukangana za njira yabwino yotsikira Thabwa ndi katundu wolemera. Mawu ena ankawakanika, koma bamboyo ankawadikira mpaka amalize. Palibe amene anayang'ana mwendo wawo.

Tayala litabwezedwa ndinaliza galimoto. Kanyali kanali chiyakire. Ndinayang'ana ababa.

"Usandiyang'ane ine," anatero. "Mathiraki athu analibe timagetsi. Tayala likaphwa unkalimva m'matako."

Mayi wina amene ankadikira kuti amumatire tayala anatimva n'kubwera pawindo. Galimoto yake inali ya mtundu womwewo, yodzaza ndi mabelo a kaunjika. Anati nayenso kanyali kotere kanamusowetsa mtendere mpaka mlamu wake atamuonetsa chochita. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa ababa n'kuloza kabatani kobisika chakumbali.

"Mukapopa, muzidina apa, osachotsa chala mpaka kalire. Galimotoyi imafuna muiuze kuti mwakonza."

Ababa anadina okha ndi dzanja lawo labwino. Kanalira, kanyali kanazima. Ndinathokoza mayiyo mobwerezabwereza mpaka anaseka, n'kunena kuti ndidzaonetse wina. Dzina lake sindinamufunse, ndipo sindinakumanenso naye.

Pobwerera ndinkafuna kulunjika kunyumba, poganiza kuti atopa. Iwo anati tiyenera kuliyesa tayalalo pa msewu wautali. Tinapita mpaka pa Kameza, tinazungulira, n'kulowera njira ya ku Chileka, windo atatsitsa, chigongono chili kunja. Njira yonse ankandidzudzula kuti ndimachedwa kusintha magiya, ine n'kumangovomera kuti ee ababa, m'maso muli misozi yomwe ndinkabisa poyang'ana pagalasi.

Titafika kunyumba sanafulumire kutsika. Anafunsa ngati mawa lake ndili ndi kopita. Nditati ayi, anati ndiwasitire malaya oyera, akufuna Misa ya m'mawa ku Bangwe, kumene anzawo a kwaya anali atatopa n'kufunsa za iwo.