Madzi a mkazi mnzake

Rukiya sanapondeko kusukulu, koma mankhwala a m'sitolo ya mwamuna wake, a Ibrahimu, ku Malengachanzi, ankawadziwa ngati ana ake. Zaka makumi awiri anaima pakauntala paja. A malungo ndi owawa aja, a mutu ali m'kapepala kofiira, a chifuwa m'botolo lalitali. Anthu ankangoti, "Kafunseni mayi Rukiya."

Kenaka a Ibrahimu anakwatira wachiwiri, Sofiya, mtsikana wa Sitandade 8. Rukiya anapirira, mitala si yachilendo kuno. Chomwe chinamudya mtima chinabwera ndi kolera, dzinja lina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Azaumoyo anasiya kusitoloko klorini ndi mapepala a malangizo, ndipo wowerenga anali Sofiya. Ndiye ankayeza mankhwala othira m'mitsuko, ndiye ankaphunzitsa amayi kusakaniza shuga ndi mchere m'madzi owiritsa. Asodzi anayamba kumutchula adokotala. Adokotala! Kamwana koti dzulodzuloli sikankadziwa ndi pomwe pamakhala bandeji.

Tsiku lina Sofiya anafika kwa Rukiya atasenza ndowa.

"Achemwali, ndakutungirani. Ndathiramo kale."

Rukiya ananunkhiza, namva kafungo kachilendo. Ndi mkazi uti wanzeru zake amamwa madzi othiridwa mankhwala ndi mkazi mnzake? Anathokoza bwinobwino, koma Sofiya atangopotoloka anakhuthulira pa nthochi, n'kukatunga ake kunyanja.

Patatha masiku awiri Rukiya anali gone pamkeka, maso atalowa m'kati. Msewu wa kuchipatala unali utaduka ndi mvula. Sofiya anakhala pambali pake kuyambira m'mawa, kumumwetsa madzi a shuga ndi mchere ndi supuni, uyu akusanza, uyo osatopa. Rukiya analibe ndi mphamvu yomwe yoti akane, ndipo zimenezo zimamuwawa mpaka lero.

Anachira. Tsiku lomwe anabwerera kusitolo, ali wowonda, anapeza mzere pakhonde, a Ibrahimu akulimbana ndi mayi wina wokana klorini. Atamuona Rukiya anamugwira pamkono n'kumuimika kutsogolo kwa anthu.

"Mukukayika? Onani awa. Anataya madzi a Sofiya, tikanaika maliro. Rukiya, auzeni, anakupulumutsani ndani?"

Onse anatembenukira kwa iye, Sofiya ali kuseri kwa kauntala. Mayi wokana uja anali atabereka mwana, kamutu kali lende, milomo itauma. Rukiya anayang'ana mwanayo.

"Ndi Sofiya," anatero. "Tengani mankhwalawo, amayi."