Malume a Msilikali

Fungo la tayala lopsa limandikwiyitsa mpaka lero. Wina akawotcha zinyalala zosakanikirana ndi mphira kuseri kwa msika wa Milange, ndimangozindikira ndayamba kukalipira anthu osalakwa. Fungo limenelo ndi la pa kontorolo, pomwe asilikali anatseka msewu wa kuminda kwathu m'masika ena a nthawi ya nkhondo, ine ndili kamnyamata ka kabudula wobooka kumbuyo.

Kontoroloyo sinali chinthu choti munthu n'kuchiopa pochiona. Inali migolo yadzimbiri, nsungwi yopingasa msewu, ndi kamsasa ka malata pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi kamlatho. Nkhungu ya kuphiri la Tumbine ikatsika m'mawa, asilikali ankaotha moto wa matayala, utsi wake n'kumatikanirira m'zovala. Nyumba zathu zinali mbali ino, minda mbali inayo. Wopita kokolola aliyense ankaima pa bisha, mzere wautali wa madengu, zikwanje ndi ana kumsana. Tsiku lina nsungwi inkakwezedwa mame asanaume, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, tsiku lina osakwezedwa n'komwe. Wofunsa chifukwa panalibe.

Chakudya chophika sichinkadutsa, akuti mukukadyetsa anthu a m'tchire. Mchere nawo ayi. Amuna ankavulidwa malaya kuti aonedwe mapewa, ndipo wopezeka ndi khungu lakuda lokhakhala ankanenedwa kuti amanyamula mfuti pa lamba. Zopusa zenizeni, chifukwa ndi mwamuna uti kwathu amene sanasenzepo milimo ndi matumba paphewa?

Tsoka la bambo anga linabwera ngati mwayi. Pa kontorolo panafika msilikali watsopano wa ku Guruwe, wamtali, wa ziphuphu kumaso, amene anzake ankamutchula kuti Kabo. Tsiku lina akuwaona bambo mapewa, anawamva akung'ung'udza m'Chilomwe, ndiye anawafunsa nihimo lawo, pfuko la kuchikazi lija Alomwe amadziwirana nalo ubale. Atalitchula, mnyamatayo anabwerera m'mbuyo. Linali pfuko la mayi ake. Anawatolera malaya pansi, nawapatsa ndi manja awiri.

"Pepani malume. Inu musamaime kumbuyo, muzingobwera kuno."

Ine ndinanyada. Tinkadutsa mzere wonse, ine patsogolo chifuwa chili tu, anzanga akuyasamula pa bisha. Sindinaone kuti amayi a m'mudzi asiya kuyankha moni wa bambo. Ndinadzazindikira pamene kumjigo macheza ankatha phwii mayi anga akangotula ndowa.

Kenako asilikali anatenga a Fabiyawo, oyandikana nafe, ocheka matabwa. Phewa lawo linali ngati chikopa cha ng'ombe kuyambira kalekale, ndipo asilikali analiona kambirimbiri osanena kanthu. M'mawa umenewo anawakweza pa galimoto osavala malaya, dengu lawo n'kutsala pamsewu. Nanga bwanji lero? Funso limenelo linayenda khomo ndi khomo, ndipo yankho lake linkathera pakhomo pathu. Akazi a a Fabiyawo anaima pampanda wathu wa chinangwa, osalowa.

"Ababa a Zeka, m'bale wanu uja mum'funseko kumene wawapititsa. Si inu mumanong'onezana naye?"

Zeka ndine. Ndisaname, nanenso ndinayamba kuwazonda bambo anga. Ndinkawayang'ana pakamwa akamalankhula ndi Kabo, chifukwa Chilomwe chakuya sindinkachimva. Ndinawapisa m'thumba la jekete kufuna fodya wa asilikali. Ndinapeza chingwe ndi mbewu za dzungu.

Bambo anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo njira yodziyeretsera anaiganiza okha. M'mawa wina anauza mayi kuti aphike mbatata. Bambo anaimanga pa kansalu, nthunzi ikutuluka, naipachika pa ndodo poyera. Anakaima kumbuyo kwenikweni kwa bisha. Fungo la mbatata yotentha linayenda mzere wonse, anthu anjala akutembenuka. Ankafuna kumenyedwa pamaso pa mudzi, basi. Ena onse ogwidwa ndi chakudya ankagonekedwa pansi n'kulandira chamboko.

Kabo atamasula kansaluko anayang'ana mbatata, anayang'ana bambo, anayang'ana anzake. Thukuta linamutuluka pamphuno kukuzizira choncho. Mlomwe woleredwa bwino satukula dzanja pa malume ake, ngakhale atam'veka yunifomu. Anataya mbatatayo m'ngalande n'kuloza pa mwala.

"Khalani apo, malume. Lero kumunda simupita."

Anakhala pamwalapo mpaka dzuwa kupendeka, ine pambali pawo, nyerere zikutola mbatata m'matope. Masana mnyamatayo anawabweretsera madzi m'chitini. Madzi amenewo ndi amene anawamaliza. Anthu obwerera kuminda anaona chitini chija, ndipo mkulu wina analavula malovu nati, "Sewero lawo alikonza bwino."

Kwathu chimanga tinkatuta mothandizana, lero munda wa uyu, mawa wa uyo, chifukwa nsungwi inkatsitsidwa msanga ndipo banja limodzi silikanatha lokha. Litafika tsiku la munda wathu, sipanabwere munthu. Bambo anakana kudutsanso patsogolo, ndiye tinkafika kumunda mochedwa n'kubwerera ndi madengu atatu okha, lawo, la mayi ndi kanga. Mikukwe inatsala chiimire mpaka chiswe chinailowa pansi. Ndimakumbukabe phokoso lake, kuswaswata m'mapesi ngati mvula yowaza. Isanafike mvula yeniyeni tinawoloka Ruo kulowa ku Malawi, ndipo dzina linawoloka nafe. Kumsasa wa othawa nkhondo bambo ankatchedwa Malume a Msilikali. Titabwerera nkhondo itatha ankatchedwabe choncho, mpaka m'manda. A Fabiyawo sanabwerere, ndipo amene anawaloza, ngati analipo, sanadziwike.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti choipa cha pa kontorolo ndi mfuti ndi chamboko, ndipo Kabo ndinkamuona ngati munthu wabwino yekhayo pamalopo. Mwina analidi wabwino. Masiku ano ndikakhala pa baraka pomwera mowa, kanema n'kuonetsa anthu a ku Palestina ali pa mzere kudikira msilikali kuti awalole kupita kuminda kwawo kapena kuchipatala, anzanga amaloza zipata zachitsulo ndi mfuti zazikulu. Ine ndimafunafuna munthu mmodzi amene wakodoledwa kuti adutse msanga. Kenako ndimayang'ana nkhope za otsala pa mzere. Ndimatukwana, anzanga n'kumandifunsa chimene ndatukwanira. Ndimangodziwa kuti munthu uja akafika kwawo madzulo, moni wake sukayankhidwa.